Limba Langa Lonjenjemera pa Nyimbo ya Amake Matilida

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa ku Bulangililo pali azimayi ena a mpingo wathu amene amandipatsa moni mwaulemu wonse, koma ndikangopitirira pang'ono ndimamva wina akuti "wawu-wawu-wawu" chapansipansi, anzake n'kumabisa nkhope m'zitenje. Sindicheuka. Ndinaziputa ndekha. Ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze mwini wakene mmene zinayendera, chifukwa nkhaniyi ikamakambidwa ndi ena imanenepa sabata ndi sabata.

Akazi anga, amake Matilida, akhala akuyambitsa nyimbo mumpingo mwathu kuyambira ana athu ali aang'ono. Ambirife makolo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito pamgodi, ndipo m'tchalitchi timaimbabe Chinyanja ngakhale tikangotuluka pachipata timayamba Chibemba. Tili ndi mwambo wakuti pa nyimbo ya ulaliki usanayambe, ndime yoyamba ndi yomaliza amaimba munthu mmodzi, zapakatizo n'kuimba mpingo wonse. Munthu mmodziyo anali iwo. Zaka zimene mawu awo anali amphamvu, ine pamabenchi aja sindinkaonekapo kawirikawiri. Kumene ndinkakhala Lamulungu m'mawa si nkhani ya lero, koma ndikaganiza za nyimbo zimene zinandiphonya, ndimanong'oneza bondo.

Tsopano mawu awo ayamba kunjenjemera. Akakoka liwu lalitali limagwedera ngati waya woyanikapo zovala kukamawomba mphepo. Tsiku lina tikuchokera kutchalitchi anangoti, "Atate ake Matilida, mwezi wa mawa ndiimba komaliza. Sindikufuna kuti anthu azindimvera chisoni."

Ndinatsimikiza mumtima kuti sasiya. Ine ndinali nditangoyamba kumene kuwamvetsera.

Kuimba limba ndinaphunzira nditapuma ntchito, monga mmene kuwerenga ndinaphunzirira mochedwa, pasukulu ya akuluakulu, ndili kale ndi ana. Limba la mpingo litafa, mwana wathu Matilida, amene amagwira ntchito yojambula nyimbo ku Ndola, anandipatsa laputopu yake yakale ndi kakiyibodi kolumikiza ndi chingwe kuti ndiziimbira mpingo. Mu laputopumo muli pulogalamu imene imatulutsa mawu a limba, ndipo pagalasi pake pamaoneka timabatani ndi tozungulira tambirimbiri ngati m'chipinda choyendetsera makina pamgodi. Ine ndinkangodziwa kamodzi, kokwezera mawu.

Maganizo anga anali akuti: ngati limba nalonso litamanjenjemera pang'ono pansi pa mawu awo, anthu aziyesa kuti ndi mmene nyimboyo imayendera. Matilida atabwera kudzationa, ndinadikira kuti mayi ake apite kuseri kukathyola ndiwo, ndipo ndinamufunsa ngati chinthucho chingathe kunjenjemera.

"Atate, mukufuna wobulo? Inuyo?" anatero akuseka. "Zimenezo ndi za anyamata a m'malo ovinira."

"Ndikufuna pang'ono chabe. Ngati mawu a munthu."

Anayang'ana kukhomo kumene mayi ake anatulukira, nasiya kuseka, n'kukoka mpando.

"Taganizani kuti mkati muno muli dzanja losaoneka limene lagwira kachitseko ka mawu," anatero. "Likatsegula, mawu amatuluka owala. Likatseka, amamveka ngati munthu akuimba ataphimba pakamwa ndi chikhatho. Dzanjalo limangotsegula ndi kutseka osaleka, ndiye wobuloyo. Kozungulira aka ndi ka liwiro la dzanjalo. Aka ndi ka kukula kwake: mukakapotoza pang'ono, chitseko chimangosuntha pang'ono, mawu n'kumanjenjemera bwinobwino. Mukakapotoza mpaka kumapeto, chitseko chimachita kumenyetsedwa."

Kenako anandionetsa batani lotchedwa sinki. Anati likazima, dzanja lija limayenda pa liwiro limene mwaliikira, osasamala za wina aliyense. Likayaka, limatsata nambala ya pamwamba pagalasi, imene amati tempo, kutanthauza kuthamanga kwa nyimbo. Pamenepo kozungulira ka liwiro kaja kamasanduka kosankhira: kaya dzanja litsegule kamodzi pa kugunda kulikonse kwa nyimbo, kaya kawiri, kaya kanayi.

Apa ndinawongoka pampando. Ine moyo wanga wonse ndinagwira ntchito ya mapampu pansi pa mgodi. Ndinamuuza kuti sinkiyo ndi lamba wolumikiza pampu ku mota: mota ikathamanga pampu imathamanga, ikachedwa imachedwa.

"Mwamva ndithu," anatero. "Koma kutchalitchi muzizimitsa. Makinawa samva anthu akamaimba, amangomva nambala."

Mawu amenewa analowa khutu limodzi n'kutulukira linalo. Munthu wa pamgodi sangakhulupirire pampu yoyenda yopanda lamba. (Komanso ndinali nditangouzidwa kumene ndi mwana wophunzira kuti ndamva ndithu, ndipo zimenezi kwa ine zimaledzeretsa.) Ataona kuti ndaumirira, anandionetsa batani lina lotchedwa tapu: ukaligogoda ndi chala motsatira nyimbo, makinawo amapima kugogodako n'kusintha okha nambala ija. Ndinaona kuti nkhani yatha. Lamba alipo, chowongolera mota chilipo.

Masana angapo ine ndi akazi anga tinayeserera nyimbo ija kunyumba. Ndinaika nambala pa sevente, dzanja lizitsegula kanayi pa kugunda kulikonse, kukula kwake pang'ono kwambiri. Amake Matilida sindinawauze kanthu. Atatha kuimba tsiku loyamba anandiyang'ana nati, "Limba lanu lero likumveka ngati lili ndi chimfine."

"Ndi sipika," ndinatero.

Lamulungu lija tchalitchi linadzaza, chifukwa azimayi anali atauzana kuti ndi tsiku lomaliza la amake Matilida. Ndime yoyamba inayenda monga mmene ndinalotera. Mawu awo ankagwedera, limba nalo linkagwedera pansi pake, zonse zikuyendera limodzi. Ndinadzimva ngati munthu amene wakonza denga mvula isanagwe.

Kenako mpingo unalowa. Amene sanapemphereko nafe sangadziwe: ife nyimbo timaikoka. Ndime iliyonse imachedwa kuposa inzake. Azibambo achikulire a kumbuyo amagwira liwu mpaka mpweya uwathere, ndipo a Mwale, mkulu wa mpingo amene mawu awo amaposa a wina aliyense, amayamba mzere ena onse atafika pakati. Nyimbo inatsika liwiro ngati basi yodzaza ikukwera chitunda, koma kunjenjemera kwa limba langa kunapitirira pa liwiro la kunyumba kuja.

Ndinene zoona: palibe amene anazindikira. Kunjenjemerako kunali kochepa kwambiri moti pansi pa mawu a a Mwale sikunkamveka n'komwe. Ndikanangosiya choncho, bwenzi lero ndikudutsa pamsika mwamtendere. Koma ndinkaganiza za ndime yomaliza, pamene amake Matilida adzatsale okha pa liwiro lotsikalo, ndipo ndinafuna kuti zonse zikhale zolumikizana iwo asanayambe. Dzanja lamanzere likugwirabe mawu akuluakulu a pansi, ndinatambasula lamanja n'kuyamba kugogoda tapu.

Chimene ndinaiwala m'masiku onse amene ndinkadera nkhawa mawu a akazi anga n'chakuti ine ndine wamkulu kwa iwo. Chala changanso chimanjenjemera. Pamene ndinkayesa kuti ndagogoda kamodzi, chinkagunda kawiri kapena katatu, ndipo makinawo anakhulupirira zonse. Nambala inachoka pa sevente n'kudumpha kupitirira thu handiredi. Dzanja losaoneka lija, lomangidwa bwinobwino ndi lamba wanga, linatsatira. Limba linayamba kulira ngati mavu otsekeredwa m'chitini.

Mitu ingapo inatembenuka. Ndinakumbukira kosankhira kaja, ndipo ndinakatsitsa kuchoka pa kanayi kufika pa kamodzi. Mavu anatha, koma m'malo mwake munabwera kugunda koonekeratu, kothamanga, kosagwirizana ndi chilichonse chimene mpingo unkaimba. Ndinati basi, ndichepetse kukula kwake kuti kuzimiririke. Magalasi anali atatsetserekera kumphuno chifukwa cha thukuta, manja onse ali pantchito. Kozungulira ndinakapeza kolondola, koma ndinakapotozera mbali yolakwika, mpaka kumapeto.

Phokoso limene linatuluka m'masipika a nyumba ya Mulungu ndi lija limamveka m'mabala a ku Ipusukilo anthu akalandira malipiro. (Musandifunse kuti ndimalidziwa bwanji.) Wawu-wawu-wawu, lakuya, lochokera m'mimba, mawindo mpaka kunjenjemera. Mpingo unayesa kulimbana nalo kwa mzere umodzi, kenako mawu anayamba kugwa mmodzimmodzi. Ndinaona mutu wa a Mwale ukugwedera motsatira kugundako iwo asakudziwa, ndipo atazindikira anaugwira ndi dzanja ngati ndi wa munthu wina. Kumbuyo kwenikweni wina anati m'Chibemba, "Bashikulu, bwekeshenipo," kutanthauza kuti agogo, bwerezaninso, ndipo benchi yonse inagwa ndi phwete.

Ndinachotsa manja onse pakiyibodi n'kuwakweza m'mwamba kuti aliyense aone kuti si ine. Phokoso linapitirira. Ndinayang'ana laputopu, ndinayang'ana chingwe, ndinayang'ana kudenga. Amake Matilida anali ataimirira kale kuti ayambe ndime yomaliza. Anatembenuka pang'onopang'ono, cholankhulira chili pakamwa, nanena ndi mawu omwe aja amandiuzira kuti madzi osamba afunda:

"Atate ake Matilida, chotsani phazi."

Pansi pa tebulo pali chopondera chimene chimagwira mawu kuti asazime. Chifukwa cha mantha ndinali nditachiponda ndi mphamvu zanga zonse. Ndinachotsa phazi. Limba linati zii.

Amake Matilida anadikira kuti oseka amalize, kenako anaimba ndime yomaliza popanda limba. Mawu ananjenjemera kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza, poyera, popanda chowaphimba. Ine ndinakhala manja ali pakati pa maondo. Sindinganene mmene ena anamvera, chifukwa sindinayerekeze kudzutsa mutu, koma palibe amene anatsokomola, ndipo mpingo wathu umatsokomola kwambiri.

Titafika kunyumba amake Matilida anavula nsapato, nakhala pampando, n'kundiyang'ana.

"Munaika dala, eti? Kunjenjemera kuja."

"Ndimafuna kuti mawu anu asakhale okha."

"Ndinamva tsiku loyamba lomwe lija munanamizira sipika. Ndinati ndione kumene mufike nazo." Anapukusa mutu. "Ine ndinati sindikufuna chisoni. Inu munatenga chisonicho n'kuchilumikiza ku magetsi."

Madzulo ndinaimbira foni Matilida, koma nkhani inali itafika kale ku Ndola ine ndisanaifikitse. Anandisiya ndifotokoze zonse, kenako anafunsa funso limodzi.

"Sinki inali yoyaka?"

"Inali yoyaka."

"Atate," anatero, ndipo ndinamva akuchotsa foni pakamwa kuti aseke mwaulemu.

Ndakhala ndikuganiza za lamba uja kuyambira pamenepo. Fanizo langa silinali lolakwika, koma ndinalakwitsa pofunsa kuti mota ndi iti. Ndinkayesa kuti ndalumikiza limba ku mawu a akazi anga, pamene ndinalilumikiza ku nambala. Kumene amajambula nyimbo, ng'oma zake zimakhala za makina ndipo zonse zimamvera nambala imodzi, ndiye sinki imathandiza. Mpingo wathu ulibe nambala. Uli ndi a Mwale, uli ndi agogo amene mpweya umawathera, uli ndi munthu amene waferedwa sabata yatha ndipo akufuna mzere wina uchedwe. Woimba limba ntchito yake ndi kutchera khutu n'kumatsatira, ndipo ntchito imeneyi ndi yomwe ndinafuna kuipereka kwa batani.

Akulu a mpingo anandiitana mkati mwa sabata. Anandithokoza chifukwa cha kudzipereka kwanga, ndipo a Mwale, maso ali pansi, anati agwirizana kuti limba lipumeko kaye. Sananene kuti mpaka liti.

Lachinayi azimayi a kwaya anabwera kunyumba kudzapempha amake Matilida kuti asasiye. Ine ndinali kuchipinda, chitseko chili chotsegula pang'ono (sindinkamvetsera, makutu ndi amene ankamva okha). Ndinkayembekeza kuti akana, poti manyazi a Lamulungu lija ndinawawonjezera pamwamba pa amene anali nawo kale.

"Ndiimba," anatero. "Pambuyo pa zimene anachita bambo awa, mumpingo muja kunjenjemera kwanga palibe amene angakuone ngati nkhani."

Azimayi aja anaseka mpaka wina anatayira tiyi pachitenje. Ine kuchipinda kuja ndinakhala pabedi, osadziwa ngati ndapambana kapena ndagonja.

Akuimbabe mpaka pano. Alendo atapita ndinawafunsa ngati pa Khirisimasi ndingayesenso, sinki ili yozima monga ananenera Matilida. Anati malo anga ndi benchi yakutsogolo, manja pamaondo, mapazi poonekera. Ndimakhala pamenepo Lamulungu lililonse ndipo ndime zawo ndimazimva zonse ziwiri. Koma akapita kumsika masana ndimatseka mawindo, n'kutsegula laputopu, mawu ali otsika kwambiri. Ndikuona ngati kukula koyenera kwa kunjenjemera kuja ndatsala pang'ono kukupeza.