Nkhuku ya Pathanthwe

Mukadzandiona pamsika wa pa Chonde ndikuyenda nditazolika, musadzandifunse. Bola ndikuuzeni ndekha lero, ena asanakuuzeni mowonjezera.

Mlamu wanga Fanuel amagwira ntchito ku Ulaya, m'tauni ina ya m'mapiri yokhala ndi nyanja pambali, kumene anthu amamanga matabwa kumapazi n'kumatsetsereka pachipale chofewa (kusowa zochita kumeneko, inu). Atabwera kutchuthi anati atilawitse moyo wa kumeneko. Chipale kuno kulibe, koma phiri ndi madzi tili nazo, ndiye anatitengera ku loji ina m'phiri la Mulanje, pafupi ndi damu. Anaitananso abusa athu ndi amayi busa.

Tsono ine ndine mkulu wa mpingo. Ndikaima pagome, anthu okhulupirira mizimu ya m'phiri ndimawazazira mpaka thukuta kamukamu.

Anzanga ali kalikiliki kujambulana padamu, ine ndinapatukira kutchire kukadzithandiza. Pobwerera nkhungu inatsika, ndinasokera pang'ono. Ndinangoona pathanthwe pali nkhuku yootcha yathunthu, mpunga, nthochi zakupsa, zonse zoyalidwa bwinobwino pamasamba. Munthu? Zii.

Aliyense wokulira m'tsinde mwa phirili amalidziwa lamulo: ukapeza chakudya m'phiri, akupatsa ndi eniake phiri. Udye wekha, osaitana mnzako, osatengerako kunyumba. Ukanyozera, subwerako. Ulaliki wanga wonse unauluka pomwepo. Ndinavula nsapato, n'kuwomba m'manja mwaulemu, n'kuyamba ntchito.

"Bambo a Chisomo! Muli kuti?" Anali mkazi wanga akuitana chapatali. Ine duu, ntchafu ili m'kamwa. Ndinkadya mwamantha, koma ndisaname, mizimuyo inkadziwa kuthira tsabola.

Nditatsala ndi khosi lokha ndinamva mawu a Fanuel akuyandikira: "Abusa, dzerani uku. Ndawauza a paloji atiyalire pathanthwe, mmene amachitira kwathu ku Ulaya kuja."

Anatulukira onse. Ine ndili chikhalire, mapazi ali pamtunda, mafuta mpaka m'zigongono.

"Alamu!" Fanuel anagwira pakamwa. "Yonse?"

Apa panali posankha: kuvomera kuti ndine wosusuka wodya chakudya cha abusa, kapena kuvomera kuti mkulu wa mpingo amawombera mizimu m'manja. Ndinasankha kususuka.

"Njala, abusa. Shuga ananditsika."

Zikanathera pompo, koma mkazi wanga ndi wa ku Milonde, m'tsinde mwa phiri lomweli, malamulo a phiri amawadziwa kuposa ine. Anayang'ana nsapato zili pambali, n'kundiyang'ana ine.

"Shuga yemweyo ndiye wakuvulani nsapato? Ohoo! N'chifukwa chake simumandiyankha! Mumaopa kundigawira za azigogo anu?"

Amayi busa anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Manyazi amene anandigwira, abale, ndinalakalaka mizimuyo ikanangonditenga zenizeni.

Abusa sanakalipe. Anatola nthochi imene inatsala, n'kusenda pang'onopang'ono, kenako anafunsa mofatsa: "Akulu a mpingo, musanadye munapemphera?"

"Eya, abusa."

"Kwa ndani?"

Ndinapempha ndekha kuti andipumitse kaye kulalikira, ndipo palibe amene anandiumiriza kuti ndisinthe maganizo. Mkazi wanga akuti ndaphunzirapo kanthu. Ndaphunziradi. Tsiku lina ndikadzapezanso nkhuku m'phiri, kudya ndidzadya ndithu (moyo n'ngokoma), koma nsapato sindidzavula.