Tsiku Limene Ndinapembedza Bwana wa ku Japan

Nkhaniyi anzanga a ku Umm Ghuwailina, kuno ku Doha, amaikamba mothira mchere, ndiye bola muimve kwa mwiniwakene, ngakhale manyazi ake sanandithere.

Inali nthawi ya korona. Ndinali mlonda pa geti lina ku Al Aziziya, kupsa ndi dzuwa tsiku lonse, masiki ali kukamwa. Lamulo litangosintha kuti munthu utha kusintha ntchito osapempha chilolezo kwa bwana wako, ndinalumbira kuti geti limenelo ndilisiya, zivute zitani.

Mlongo wina wa ku Dedza, Tiyamike, ankaperekera zakudya m'lesitilanti ya Chijapanizi pa hotela ina. Iye ndiye anandinong'oneza kuti kukufunika munthu.

"Achimwene, kayeseni intavyu. Koma abwanawo ndi mdala wa ku Japan, wovuta. Chimene chimawafewetsa ndi nkhani za kumudzi kwawo basi: akachisi akale ndi linga la mafumu pamwamba pa phiri."

Ndinamufunsa dzina la boma lawo, n'kuyamba kusakasaka mavidiyo pafoni (onse anali m'Chijapanizi, ndiye ndinkangodya ndi maso). Ndinaona anthu akufika pa mwala wa madzi, kusamba m'manja, kuchukucha m'kamwa, kenako kuwerama kawiri, kuwomba m'manja kawiri, n'kuweramanso. Ndinati eya, ulemu wa kwawo ndi umenewu. Si nafenso akuluakulu timawawombera m'manja? Ndinayeserera mpaka msana kuwawa.

Tsiku la intavyu ndinaonetsa foni pakhomo kuti ndilibe korona, n'kulowa. Ndikuti ndiyang'ane, mwala uja uwu! Madzi akudontha kuchokera m'nsungwi, ndendende ngati m'vidiyo. Ndinatsitsa masiki, kusamba m'manja, kutapa madzi, kuchukucha. Apo m'pamene ndinaona tinsomba tofiira tikusambira m'menemo. Polavulira panalibe, pansi ponse pali kapeti. Ndinameza.

"Habibi, masiki! Yalla!" anakuwa mlonda wa pakhomo m'chilankhulo cha kuno, kundiuza kuti mnzanga ndivale masiki msanga.

Tiyamike, yemwe amabwera kudzanditenga, anangogwira pakamwa.

"Achimwene, izotu n'zokongoletsera!"

Munthu wanzeru akanaimira pomwepo. Ine ndinati zoyamba zaphonyeka, zotsalazo ndizikhoza.

Anandilowetsa mu ofesi. Abwana anali kamdala ka imvi, kovala zoyera za kukhitchini. Ndinaima chilili, kuwerama kawiri mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda tebulo, kenako phwa! phwa! Ndinatseka maso pang'ono (m'vidiyo ankatero), n'kuweramanso.



"Bambo," anatero m'Chingerezi chapang'onopang'ono, "zimenezo timachitira milungu pa kachisi. Ine ndimaphika mpunga."

Thukuta linatsika msana wonse, m'chipinda mozizira ngati m'filiji. Koma ndinali ndi chipolopolo chimodzi chotsala.

"Pepani bwana. N'chifukwa chokonda kwanu. Makamaka linga lija, denga lake lokongola, makoma oyera mbee! Tsiku lina ndidzagonamo."

"Mudzatenge bulangete lokhuthala. Linga limenelo linapsa agogo anga asanabadwe. Patsala miyala ndi udzu."

Kani chimene ndinaona chinali chojambula cha pakompyuta, chosonyeza mmene linkaonekera kale.

Ndinatembenuka kuti ndizipita, koma ndinaima. Ndinakumbukira dzuwa la pa geti.

"Bwana, za kwanu ndalakwitsa zonse. Koma mbale sindingalakwitse. Ndiyeseni."

 Kenako mapewa awo anayamba kugwedera, kuseka mpaka kupukuta misozi ndi m'mphepete mwa masiki. Anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi: masitepe a miyala omera ndere, kachisi wamng'ono wamatabwa pakati pa mitengo italiitali, ndi mabwinja aja, khoma lofika m'chiuno. Anati ali mwana ankasesa masitepe amenewo ndi bambo awo, ndipo chiyambireni korona sanapondeko. Anayang'anitsitsa chithunzi cha masitepewo, inenso mtima unathawira kwathu ku Ntcheu.

"Khalas, basi zatha. Mubwere Lamlungu, muyambire kotsuka mbale," anatero. "Moni wake ndi kungowerama pang'ono. Kamodzi."

Ntchito ndinaipeza, koma ulemu wanga unatsala mu ofesi muja, chifukwa Tiyamike anali ataima pakhomo nthawi yonseyo, ndipo pofika madzulo Amalawi a mu Doha muno anali atamva kale.

Ndiye abale anga, mukaona eni dziko akuwomba m'manja, yambani mwafunsa kuti akuwombera ndani.