Mzinga wanga unakagwera kwa apongozi

Mpaka lero ndikatsika minibasi pa Jenda, amayi ogulitsa tomato amakodolana n'kumaseka. Sindiwaimba mlandu. Ndinazichita ndekha, ndi dzanja langali.

Ine kwathu ndi ku Dedza, koma ndimacheka matabwa ku Chikangawa. Tikaweruka anzanga amathamangira kumowa, ine ndimafunda bulangete n'kumaonera ndege zankhondo pa foni. Nyengo imeneyo nkhani inali ya ndege za ku China, zija amati J-10, ndi mizinga yake yogwetsa ndege inzake ili kutalitali. Ndinaziloweza ngati katekisimu (katekisimu weniweniyo anandikanika).

Nthawi yomweyo ndinali nditafunsira Towera wa ku Champhira, kufupi ndi Jenda, ndipo ndinkamufuna zenizeni. Tsiku lokaonekera kwawo, a Chavula, thenga wanga wondiyankhulira kwa akuchikazi, anandilangiza tili m'minibasi.

"Kuno si ku Dedza, mwapulika? Mkamwini sayankhula. Maso pansi, manja pamaondo. Amamavyala, amayi ake a Towera, simuonana nawo maso ndi maso, akakhala kuseri kwa mpanda. Mukalakwitsa, mbwenu mkazi mwaluza."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Titafika anandikhazika pa mpando pansi pa mtengo wa pichesi, ndipo ndinakhaladi duu ngati chitsa. Pambali panga panali mulu wa mbatata ya kachewere yomwe anakumba m'mawa.

Zinayamba kusokonekera a Chavula atatengedwa ndi akuluakulu kukanong'onezana za ng'ombe za malowolo kuseri kwa khola. Ndinatsala ndi bambo aakulu a Towera, a Shaba, msilikali wopuma, ndi amuna ena angapo. A Shaba anali ndi kawailesi kawo pamwendo.

"Ŵanthu aŵa mbatesi chomene," anatero m'chiyankhulo chakwawo, akuuza anzawo kuti anthu a pawailesiwo ndi abodza. "Akuti ndege ya Mtchaina ikugwetsa inzake osaiona. Ine ndagwirapo mfuti. Ungawombere bwanji chinthu chimene sukuchiona?"

Abale inu, ndinayesetsa. Ndinaluma lilime, ndinayang'ana nsapato zanga. Koma munthu akunama pa nkhani yako uli pomwepo, zimawawa.

"Pepani adada, si bodza," ndinangomva pakamwa panga patero.

Onse anatembenuka. M'malo moti ndikhale chete, ndinaimirira (apa a Chavula akanakhalapo akanandiponda phazi). Ndinafotokoza kuti woyendetsa saona ndi maso, amaona ndi rada, makina ozindikira zinthu zili kutali. Ndinati ndege ikhoza kukhala pamwamba pa Jenda, mzinga n'kukapeza inzake cha ku Mzuzu uko. Ndinati mzingawo ukayandikira umatsegula diso lake pamphuno n'kumusaka wokha mdaniyo.

"Nkhukana," anatero a Shaba. "Ndapota, tilongosolereni bwino."

Ndinatola mbatata yaikulu pamulu paja. "Iyi ndi mzinga. Ine ndine ndege. Mdani ali uko, sindikumuona." Ndinaloza mpanda wa udzu. Cholinga changa chinali kungoonetsa mmene umakwerera m'mwamba usanatsike. Koma mkono wonyamula matabwa tsiku ndi tsiku sudziwa kuponya pang'ono.

Mbatata ija inakwera bwinobwino, kudutsa mpanda, n'kutsika. Tinamva kuti phoo! Kenako khwaa! Kenako mawu a mzimayi: "Mayo ine! Ninjani uyo?"

Apa ndiye ndinalakwitsa kwambiri. Ndinathamanga, kulowa kuseri kuja kumene anandiletsa. Ndinapeza amamavyala ali chiimire, anyowa kuyambira duku mpaka chitenje. Anali atasenza mtsuko wa chindongwa, thobwa lakuno, lomwe anafulula kuti mlendo, ineyo, ndimwe. Mtsuko unali zidutswa pansi. Ndi chisoni changa cha ku Dedza ndinavula jekete, kuwagwira pamkono, n'kuyamba kuwapukuta kumaso.

Azimayi anakuwa ngati pagwa maliro. Towera anadziphimba kumutu ndi chitenje n'kuthawira m'nyumba. A Chavula anatulukira akuthamanga, kundikoka kolala mpaka panja.

"Mwaponya apongozi, mwawaona, mwawagwira! Chatsala n'chiyani?"

A Shaba okha ndi amene sanakwiye. Anasuzumira kuseri, n'kubwera kwa ine mkamwini akugwedeza mutu. "Yewo, mkweni. Zikutheka nadi."

Nkhani ya ukwati inaimira pomwepo. Tinabwerera osadya, a Chavula osandiyankhula mpaka ku Chikangawa. Towera foni sankayankha. Masabata amenewo ndinawonda, ndipo ndinalira ndithu, sindibisa. Ndinkadziwa kuti ndataya mkazi wabwino chifukwa cha ndege yomwe sindidzaikwera n'komwe.

Ndinatumiza mbuzi yopepesera ndi mtsuko watsopano. Patapita nthawi a Chavula anaitanidwa, n'kubwera ndi yankho la amamavyala eni ake.

"Akuti mwana wawo akupatsani, poti iye mwini wakana kumva za wina. Koma mwambo wobisala authetsa. Akuti munthu uyu kumubisalira n'koopsa. Mukafika pakhomo pawo, muzikhala pomwe akukuonani."

Tinakwatirana. Ndege ndimaonerabe, ndipo a Shaba amandifunsa za zatsopano tikakhala awiri. Koma m'mudzi monsemo ndine mkamwini yekhayo amene apongozi ake amakoka mphasa n'kudzakhala moyang'anizana naye, maso ali pa manja anga mpaka nditsanzike.