Tsiku Limene a Geng Anatikonzera Mzere

Inu, mukamva munthu akuti "tisachititse manyazi tauni yathu," nyamulani kampando kanu muthawe. Ine ndinachedwa kuthawa, n'chifukwa chake mpaka lero ndimadzuka tambala asanaganize n'komwe zolira.

Kwathu ku Majiawa, paja tinkalima chimanga dzana, lero pali nyumba zosanjikizana zokhazokha. Anthu ndiye osanena. Koma msewu wopita ku Beijing ndi womwe uja, mlatho umodzi womwe uja, mabasi ochita kuwerenga ndi zala. Ndiye ife nkhalamba tinadzipezera ntchito. Timalawirira kukaima pamzere wa basi m'malo mwa ana athu ogwira ntchito ku Beijing, kuti iwo agoneko pang'ono. Basi ikaonekera, mwana amabwera akuthamanga, mkate uli kukamwa, iwe n'kumupatsa malo n'kubwerera kunyumba kukafunditsa mapazi.

Bwana wa mzerewo anali a Geng Baoshan, amene kale anali kapitawo pafakitale ya mababu. Palibe anawasankha. Anangofika tsiku lina ndi kansalu kofiira pamkono ndi wenzulo m'khosi, ife n'kungoti chabwino, kukangana m'mawa kumafuna mphamvu. Iwo ankasungira malo mwana wawo wamkazi, Xiaoman, ndipo masana ankalera kamdzukulu kawo, Doudou, kamene anali kukakonda kuposa mano awo otsala.

Tsiku lina Xiaoman anawauza pamzere pomwepo, tonse tikumva.

"Bambo, ine ndatopa. Mwana wanga ndimamusiya ali m'tulo, ndimamupeza ali m'tulo. Akapanda kuwonjezera mabasi chaka chino, ndikachita lendi kachipinda ku Beijing, ndipo Doudou ndimutenga."

A Geng anangoti kukamwa yasa, wenzulo ili lende.

Mwayi wake, kunamveka kuti akuluakulu a kuchigawo apeza ndalama zogulira mabasi ndi kukulitsira msewu, koma zokwanira tauni imodzi yokha: ife kapena anzathu a ku Hanzhuang. Atumiza munthu kudzaona kumene kuli mavuto enieni.

"Abwere aone mmene timapondanirana," anatero Mayi Qiao, amene pakamwa pawo sipakhala dzimbiri. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Mayi inu," a Geng anawadula, "mlendo akafika pakhomo mumayamba kumuonetsa kuchimbudzi? Boma silipatsa ndalama anthu okankhana ngati mbuzi. Limapatsa anthu aulemu, odziwa kusamala katundu. Tisachititse manyazi tauni yathu."

Tinawamvera. Musandifunse chifukwa chake, munthu wa wenzulo amaoneka ngati akudziwa kanthu.

Anatilamula kuvala zovala za Chaka Chatsopano, aliyense ndi kampando kake ndi fulasiki ya tiyi. Ana athu, amene amati nkhope zawo zatulo zikhoza kuopseza mlendo, anawauza kuti akabisale kuseri kwa sitolo ya mikate mpaka atamva wenzulo. Ife anatiuza mawu amodzi okha: chimene ine ndichite, nanunso muchite chomwecho.

Mlendo anafika, a Shen, bambo wa magalasi, waulemu mpaka kunyansa. Anapeza nkhalamba zili phee pamipando, ena akusewera chesi, ena akuthirirana tiyi, a Geng akungomwa kapu ndi kapu poonetsa mtendere wa mumtima.

"Koma abale, kuno ndiye kwabwino," anatero a Shen.

Basi inafika. A Geng atangoti aike wenzulo pakamwa, mlendo uja anawagwira mkono.

"Agogo, inu ndinu oyamba. Akulu patsogolo."

"Ayi bwana, ine kungoti…"

"Musachite manyazi. Mukupita kuti m'mawa uno?"

Tsono anene chiyani? Kuti iwo sakupita kulikonse, apaulendo enieni awabisa kuseri kwa sitolo ngati mbava?

"Kupaki," anatero a Geng. "Kukaona maluwa."

Maluwa, inu, m'nyengo yozizira imene ngakhale makhwangwala amatsokomola. A Shen anawakweza okha, n'kuwapatsira kampando kawo. Ife tinayang'anana, tinakumbuka lamulo lija, n'kuyamba kukwera mmodzimmodzi mwaulemu, wina akuuza mnzake kuti tsogolani achimwene. Basi inadzaza ndi nkhalamba zokhazokha zovala ngati zikupita kuukwati. Pawindo ndinaona timitu ta ana athu tikusuzumira kuseri kwa sitolo, akudikirabe chizindikiro. A Geng anaiimba wenzulo ija ndi mphamvu zawo zonse, koma zitseko zinali zitatsekedwa kale. Anaimva ndi dalaivala yekha, ndipo zimene anayankha sindingazibwereze pano.

Pamlatho tinaima monga mwa masiku onse, magalimoto ali ndondondo mpaka kosaoneka. Apo m'pamene tiyi uja anayamba kufunsa njira yotulukira. A Geng anapinda miyendo uku, anapinda uko, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira.

"A kapitawo," anafunsa Mayi Qiao mokoma, "maluwa aja tikawaona nthawi yanji?"

Tinabwerako madzulo, titasochera kawiri. Ana athu onse anali atachedwa kuntchito, ndipo sabata yonseyo m'nyumba zambiri munalibe moni.

M'mawa mwake a Shen anapita ku Hanzhuang, kumene kulibe munthu wa wenzulo. Kumeneko anawapanikiza, anawaponda, nsapato imodzi inapita kwawo, magalasi anawapeza m'thumba la mayi wina, ndipo akuti analowa m'basi mapazi osagunda pansi. Ndalama zonse zinapita ku Hanzhuang. Ife anatitumizira mbendera yofiira ya zilembo zagolide, yoyamikira mzere wathu kuti ndi wachitsanzo m'chigawo chonse. Chikomekome cha mkuyu, anthuni.

Xiaoman sananame. Chaka Chatsopano chitadutsa, anatenga Doudou n'kusamuka. Tsiku limenelo a Geng analira pasiteji, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu, moti ngakhale Mayi Qiao anawapatsa mpango. Zinatimvetsa chisoni tonse, ngakhale tinali tidakali ndi mkwiyo.

Tsopano Lachisanu lililonse amakwera okha basi ija kukaona mdzukulu wawo. Wenzulo anaisiya, mbendera ija amaipinda n'kuikhalira chifukwa kampando kamazizira, ndipo basi ikafika amagwiritsa ntchito zigongono ngati wina aliyense. Kungoti iwo alibe wowasungira malo. Dzana anandikokera pambali.

"Achimwene a Tian, mawondo akundivuta. Mungandisungireko malo mawa?"

Ndinawauza kuti ine ndimasungira ana anga okha, osati akapitawo. Koma ndimawasungira ndithu, ndingatani. Nkhalamba yolira pamzere imachititsa manyazi tauni yathu.