Kwaya Imene Ndinawaikira Amayi Ake a Esinati

Mpaka lero amayi ake a Esinati akandiona pamsewu amayang'ana kumbali, koma ine ndikuti sindinalakwe.

Ndimaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu pa Chimbiya. Kompyuta ndi ya amalume, munthu wopemphera kwambiri, ndipo amabwera kudzaona zimene ndasungamo. Tsono makasitomala ambiri akumudzi amafuna mavidiyo a gule wamkulu. Ndikanatani? Ndinawasunga, koma onse ndinawapatsa dzina loti kwaya kuti amalume asawatsegule (ndinalekezera Fomu 1, koma nzeru sindinazisiye kusukuluko).

Pofufuza nyimbo ndinazolowera kabokosi kapakona pa sikirini ya kompyuta: ulemba dzina, zituluka ndi tizithunzi take, uona ndi maso, usankha. Kenaka kunabwera msuweni wanga wa kukoleji. Anandiseka kuti kabokosiko n'ka ana, madolo amatsegula windo lakuda pa kompyutapo n'kulemba okha malamulo. Mtima unawira. Ndinamuuza kuti andiphunzitse pompo. Anandionetsa mzere umodzi wofufuza ndi kukopera nthawi imodzi, ine n'kuuloweza.

Loweruka anafika amayi ake a Esinati, mtsikana amene ndikufuna kukwatira. Anati akufuna nyimbo zonse za kwaya, akamvere ndi anzawo kumapemphero a mphakati mawa lake. Ndinawapatsa mpando, n'kutsegula lakuda lija kuti aone mkamwini amene akubwera. Zilembo zinathamanga ngati linthumbu, chithunzi ngakhale chimodzi ayi. Chilichonse chokhala ndi dzina la kwaya chinalowa m'foni.

"Koma mutu muli nawo, bambo," anatero ponyamuka.

Lamulungu madzulo Esinati anafika maso ali psuu. Akuti amayi ake analumikiza foni ku sipika yobwereka, akatekisiti ali pomwepo. Nyimbo yoyamba inali bwino. Yachiwiri zinalira ng'oma, fumbi koboo pa sikirini (akuti agogo ena anayamba kugwedeza mapewa asanakumbuke pamene ali).

"Amayi akuti usadzapondenso pakhomo. Pita ukapepese."

"Ndipepese chiyani? Anati zonse za kwaya, ndinawapatsa zonse."

Msuweni uja pafoni anangoseka, ati windo lakuda silifunsa, limachita zimene waliuza, ndiye umayamba waona mndandanda usanakopere. Zimenezo bwanji sananene tsiku lija?

Kabokosi sindinakabwererenso, n'ka ana. Kupepesa ndipita, chifukwa Esinati ndimamufuna. Koma ndikapepesa za ng'oma zokha. Luso lija iwonso analiyamikira ndi pakamwa pawo.