Ndinaselukira pa Sitepe Namba Folo

Ine sukulu ndinalekera giredi seveni, ndipo sindibisa. Ndimakonza njinga ku Kasanda, pansi pa mtengo, ndipo anthu ophunzira ndimawadziwa bwino: amabwera ndi tcheni choduka, n'kuyamba kundiuza mmene ndichilumikizire. Ndiye mlamu wanga Natasha, mng'ono wake wa mkazi wanga, atafika kunyumba ndi foni m'manja ati watibweretsera njira yatsopano yoberekera, ndinangoti mumtima, ayambanso awa.

Koma vuto linalipo. Mkazi wanga, amake Ganizani, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ankaopa. Pa Ganizani anavutika masiku awiri, anakuwa mpaka mawu kutha, ndipo kuchokera pamenepo za mwana wina sankafuna n'kuzimva komwe. Mimba iyi itabwera, munthu uja anasiya kuseka. Akachoka kusikelo ankangokhala pakhonde. Tsiku lina anandiuza mosazungulira: "Atate a Ganizani, mantha aja akandigwiranso, ine m'chipinda choberekera muja sinditulukamo."

Natasha anafotokoza kuti si mankhwala, si zamizimu, ndipo kuchipatala apitabe monga mwa nthawi zonse. Ati munthu amatseka maso, amapuma pang'onopang'ono, n'kudzitengera maganizo kumalo kumene mtima wake umakhala pansi, ndipo thupi likamasuka mantha amachepa, ululu umapiririka. M'foni munali mayi wachizungu wolankhula ngati wangodzuka kumene. Amake Ganizani anamvera pang'ono n'kuti sakumvapo kanthu.

"Ba mulamu, ndiye imwe mukhale mawu ake," anatero Natasha. "Ni simpo chabe. Mumuuze kuti pali masitepe teni, aseluke imodzi imodzi, pansi apeze malo yake yabwino."

Kuseluka, kwa inu a kutali, ndi kutsika. Kuno ku Kabwe timatero.

Ndinavomera. Kunena zoona ndinanyada pang'ono, chifukwa pabanja la kwa mkazi wanga palibe amene anandipatsapo ntchito yofuna mutu. Ine amandikumbuka pakafunika kunyamula thumba la makala.

Tsiku loyamba ndinabwera kuchokera kuntchito, ndinaima pakati pa nyumba, ndinati: "Tseka maso! Masuka iwe! Teni!"

Anatsegula diso limodzi. "Mukundigoneka kapena mukundimanga? Mawu ngati apolisi a pamsewu."

Tsiku lachiwiri ndinachepetsa mawu, koma ndinalakwitsa malo. Ndinamuuza kuti pansi pa masitepe pali mashedi a ku Railways, kuli zii, sitima zaima. Ine ndikafuna mtendere ndimaganiza kumeneko, nanga ndi mlandu? Iye ati kumanunkha dizilo, ndipo akufuna mtengo wa mango wa kumudzi kwawo ku Petauke, kuseri kwa nkhokwe. Chabwino, mango. Tinachita masabata angapo madzulo alionse, ine chilili pakhomo, iye chogonera m'mbali pamphasa, mpaka ndinaona ndi maso anga kuti ndikafika pa faifi mapewa ake agwa, nkhope yasalala. Zinkagwira ntchito, ngakhale Natasha sindinamuuze.

Tsiku lake linafika Lachiwiri m'mawa, cha m'ma naini. Tinakwera minibasi ine, iye, ndi apongozi, amayi ake, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzadikira. Apongozi anakhala kutsogolo, ife kumbuyo. Kwathu mkamwini sakhala pafupi ndi apongozi, ngakhale kuwayang'ana m'maso sitichita, ndipo zaka zonsezi ine ndi iwo tinkalankhulana kudzera mwa anthu ena.

Basi itangonyamuka, m'mimba munapota. Anandigwira dzanja mpaka zala kulira, maso atatuzuka, ndipo ndinaona kuti mantha aja afika. Ndinayamba pomwepo, koma wailesi ya m'basi inali pamwamba, ndiye ndinakweza mawu.

"Teni. Seluka."

Kondakitala, bambo wa ndevu msinkhu wanga, anamenya denga. Basi inaima. Anatsegula chitseko, anthu onse kuyang'anana, palibe wotuluka. Tinanyamuka.

"Naini. Seluka, seluka bwinobwino."

Denga, mabuleki, chitseko. Dalaivala anatembenuka: "Nindani aseluka kansi?" Ine ndinangopitiriza kuwerenga, chifukwa Natasha anati mawu asadukizidwe ndi nkhani zina.

"Eyiti. Seluka."

Apa mdala wina amene ankawodzera pafupi ndi chitseko anadzidzimuka, anatola thumba lake, n'kutuluka. Basi itayenda pang'ono tinamuona pagalasi akutithamangira, pamene anaselukapo sipanali pake. Kondakitala anandiloza chala: "Imwe mdala, ngati museluka selukani, ngati mupemphera pempherani chamumtima!" Basi yonse kuseka. Amake Ganizani nawonso anaseka pakati pa ululu, ndipo ndinati chabwino, bola.

Kukiliniki ba nesi anamulandira bwino, koma ine anandiimitsa pakhomo. Ati m'chipinda muli azimayi ena, mwamuna salowa. Ndinafotokoza kuti ine ndine mawu ake. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapatapata anga a girisi, n'kunena kuti mawu adikire panja. Mkazi wanga akulowa anacheuka, ndipo nkhope imeneyo sindidzaiwala. "Musandisiye," anatero.

Ndiye ndikanatani? Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndinapeza windo lotsegula pang'ono, mkati wina akubuula. Ndinaika pakamwa pamphepete ndi kuyamba ndi mawu anga ofewa aja: "Tseka maso. Uli pamwamba pa masitepe. Pansi pali mango akupsa. Teni. Seluka, mayi."

Mkati munatuluka mawu amene sindinawamvepo chibadwire: "Fuseki! Nindani uyo chidakwa? Seluka wekha na mango yako!" Kenaka kapu ya pulasitiki inadutsa pafupi ndi khutu langa. Windo silinali lake. Ndinali kugoneka mkazi wa mwini.

Ba nesi aja anatuluka, ndinaganiza kuti andiitanira alonda. Koma mkazi wanga anali atawafotokozera kale. Anandikoka malaya mpaka pa benchi ya pakhonde, pansi pa windo lina, n'kunena kuti, "Bedi yake ili apa. Kambani pang'onopang'ono, ndipo musachokepo." Pa benchi panali azimayi odikira odzaza, malo otsala anali amodzi okha, pafupi ndi apongozi. Ndinakhala m'mphepete penipeni, thako limodzi m'malere, nkhope kuyang'ana kumbali. Iwo anakoka chitenje chawo, nawonso kuyang'ana kwina.

Ndinayamba. Dzuwa la masana linali litatentha malata, ine kuyambira m'mawa osadya kanthu, ndipo kumbukirani kuti kunyumba ndinkachita izi chilili. Apa ndinali nditakhala. Azimayi aja ankandiyang'ana, ndiye ndinatseka maso kuti ndisawaone. Teni, seluka. Naini, mapewa agwe. Eyiti, puma, tulutsa mpweya wonse. Mkati kubuula kunachepa, ndinamva akupuma motsatira ine. Seveni. Sikisi, miyendo yalemera. Faifi, kamphepo kakuwomba pansi pa mtengo. Ndinayamba kuwaona mango aja, anthu inu, achikasu, ena atagwa pansi. Folo.

Za fili sindikuzidziwa.

Chimene chinandidzutsa ndi kulira kwa khanda. Ndinatsegula maso, ndikuona maluwa ofiira pafupi kwambiri ndi mphuno yanga, ndipo pansi pa tsaya langa pali pofewa, ponyowa. Ndinadabwa kuti pilo uyu tinagula liti. Kenaka pilo anatsokomola.

Mutu wanga unali pamiyendo pa apongozi. Pamiyendo! Dovu langa litajambula mapu pa chitenje chawo cha kutchalitchi, dzanja langa litawagwira bondo ngati mwana. Mthunzi wa khonde unali utasuntha kale, ndiye kuti ndinagona maola awiri kapena kuposa. Azimayi a pabenchi anali atasiya kuseka kalekale, anangotopa nane.

Ndinalumpha mpaka kugunda mutu pawindo. Apongozi sanandiyang'ane. Analankhula kwa mzati wa khonde, monga mwa mwambo: "Auzeni atate a Ganizani kuti mwendo wanga wachita dzanzi. Auzeninso kuti kwabadwa mwana wamkazi."

Ba nesi atandilola kulowa, ndinapita ngati wakuba. Anati ndisamusiye, koma ndinamusiya pa folo. Ndinamupeza atakhala tsonga, thukuta lili kamukamu, mwana pachifuwa, maso ali owala. Ndinayamba kupepesa, iye anandidula.

"Mutasiya kuwerenga ndinachita mantha zedi. Ndinati bambo aja athawa. Mtima unayamba kuthamanga ngati pa Ganizani paja, ndinafuna kukuwa. Kenaka ndinamva mkonono pawindo."

"Mkonono wa ndani?"

"Wa ndani winanso? Ba nesi anafunsa ngati kunja kwaima thirakitala. Ine ndinati ayi, ndi amuna anga. Iwo anasuzumira pawindo n'kundiuza pamene mwatsamira. Ndinaganiza kuti ngati munthu uyu akugona chonchi, pamiyendo pa amayi, ndiye kuti padziko palibe choopsa. Mukakoka mpweya, ine ndikoka. Mukatulutsa, ine nditulutsa. Kuwawa kunawawa ndithu, koma sindinaope."

Ba nesi anawonjezera kuti mayi wa kapu uja nayenso anapumira mkonono womwewo, ndipo akufunsa ngati ndimapezeka Lachisanu, mng'ono wake ali pafupi kubereka.

Ndinakana. Mwana ali bwino, mayi ake akuseka ngati kale, ndipo ndi zokhazo zimene ndinkafuna. Koma ine kugoneka munthu ndinasiya tsiku lomwelo. Akadzabwera mwana wachitatu ndidzaperekeza mpaka pageti, ndidzaima padzuwa, maso ali tong'o, ndipo aliyense wofuna masitepe akawerenge yekha.