A Miti, Mdani wa Legeni

Ku Nyimba konse, kuyambila pamsika wa nthochi mpaka ku Luembe, munthu mmodzi yekha ndiye anadana ndi legeni, ndipo munthuyo anali malemu a Bonaventure Miti. Legeni mukulidziwa, mphila ija timang'amba ku chubu cha tayala. Kuno timamangila chilichonse: katundu panjinga, mpini wosweka, paipi yodontha kudimba. Maukwati ena bwenzi titawamanga nalo, kukanakhala kotheka. Koma a Miti akaliona panjinga yako, amakuimitsa pachipata.

"Iwe lowa. Njoka yakoyo itsale kunja."

Chifukwa chake chinali kuseli kwa nyumba, pansi pa chisakasa cha udzu. Ndeke. Mapiko a matabwa ndi nsalu yopaka penti, mawilo a wilibala, injini ya kagalimoto kakale. Ali mnyamata, a Miti anagwilapo nchito yopatsila masipanala pa bwalo la ndeke kumigodi, ndipo anabwelako ndi zinthu ziwili: buku lopanda chikuto ndi mantha a petulo. Ndekeyo anaimanga zaka khumi ndi ziwili. Zonse zinatha, kupatula kanthu kamodzi kotalika ngati chala: kolumikizila paipi ya petulo ku injini. Chifukwa cha kameneko, injiniyo inali isanatsokomoleko ngakhale kamodzi.

Amene izi zinamuwawa kwambili anali mlamu wawo, Febian Daka, mlimi wa tomato, mlongo wawo wa amai Dainess, akazi a Miti. Febian ndiye anali mfumu ya legeni. Mapaipi a kudimba kwake anali ndi mabandeji ambili kuposa wodi ya kuchipatala. Loweluka lililonse amabwela ndi kanthu m'thumba.

"Alamu, ichi ndi cha pulasitiki, chatsopano. Pampu yanga chakhala chaka."

"Pampu yako imamwa chiani?"

"Madzi."

"Imatentha?"

"Ayi."

"Ikasweka umagwa kuchokela kuti?"

Febian anabweza m'thumba.

Loweluka lina anabwela ndi kapaipi ka mkuwa kochotsa ku filiji yakufa. A Miti anakapinda uku, kukapinda uko, kasanu ndi kawili, kenaka thyo. "Injini imanjenjemela, mlamu. Mkuwa ukanjenjemela umauma mtima, kenaka umasweka osatsanzika." Anabwela ndi ka aluminiyamu kopanga amisili a mapoto. A Miti anakaluma, n'kumuonetsa mano awo atadinda pamenepo. "Ine wa mano anayi ndakagonjetsa. Nanga sipanala?"

Za mapaipi ndiye musanene. Pawindo panali mabotolo a jamu makumi atatu, lililonse muli petulo ndi kachidutswa ka paipi, tsiku lolembedwa papepala. Paipi ya kudimba inauma ngati fupa. Ya m'chipatala inatupa. M'botolo la kumapeto munali legeni, litasungunuka ngati delele, ndipo limeneli amaonetsa alendo onse, ngakhale abusa. Amai Dainess anaika tiyi pawindopo tsiku lina, abusa n'kutsala pang'ono kuthila shuga mu petulo.

"Atate ake Tamara, anzanu amasunga uchi m'mabotolo," anatelo amai Dainess kwa amuna awo.

"Anzangawo sauluka."

"Inu mumauluka?"

Anthu amaseka, Febian nayenso amaseka. Koma chaka chatha anasiya. Anaona kuti lamba wa a Miti wabooledwa mabowo awili atsopano, ndipo kuchoka pakhonde kufika pachisakasa akupumila panjila. Ku sitolo anyamata a njinga zamoto anayamba kuitcha ndeke ija khola la nkhuku la mapiko. Febian anafunsa mlongo wake za thanzi la a Miti, mlongo wake anangoyang'ana kumbali.

Ndiye a Miti atagonekedwa ku chipatala ku Petauke masiku atatu, Febian anachita zomwe aliyense wa ife akanachita. Anadula paipi ya kudimba, n'kuisomeka ku injini, n'kuimanga ndi legeni latsopano, lokoka bwino, mizele khumi ndi isanu. Kumanga kokongola, kunena zoona. Anathila petulo mu thanki, n'kuphimbapo chiguduli. Maganizo ake anali akuti mdala akangotsika basi, apukuse chopukusila cholizila injini, injini ilile, amve ndi makutu ake, zokalipa zibwele pambuyo.

A Miti anafika masana a Chisanu. Anaima pachipata, mphuno m'mwamba ngati galu wa uzimba, kenaka n'kulunjika kuseli kwa nyumba. Amai Dainess anali atakhala mumthunzi wa phiko, akuotcha chimanga pa mbaula.

A Miti sanakuwe. Analankhula pang'onopang'ono ngati akupempha mchele.

"Amake Tamara, nyamulani mbaula. Osakupiza. Pitani nayo kutsogolo kwa nyumba."

Atachotsa chiguduli, dothi la pansi pa injini linali lakuda ndi kunyowa. Legeni linali litafewa, likumata zala, petulo akutsika dontho limodzilimodzi, mapazi anayi kuchoka pomwe panali makala.

Febian, amene anali pomwepo, anayembekezela kutukwanidwa mpaka kwa agogo ake. Anavula chipewa kuti mau agwele pamutu penipeni.

"Wamanga ndiwe?"

"Ndine, alamu."

"Wamanga bwino. Ukanapha mlongo wako ndi mfundo yokongola."

"Ndimafuna muimve ikulila musana..." Febian anameza mau otsalawo.

"Ndisanachite chiani?"

"Musanakalambe."

A Miti anaseka mpaka kutsokomola, anakhala pansi pa wilo. "Wabodza iwe. Chabwino. Tenga pepala."

Aka kanali koyamba a Miti kutuma munthu za ndeke yawo. Analemba muyeso. Kolumikizila kakhale ka chitsulo cholimba, kosemedwa pa makina, ka mazinga. Paipi ikhale ya petulo yeniyeni, yolukidwa ulusi mkati, yovekedwa chikhoto choteteza ku moto. Zomangila zikhale zachitsulo, ziwili mbali iliyonse. Paipi anaitumiza Tamara, mwana wawo, pa basi kuchoka ku Lusaka. Kachitsulo Febian anakasemetsa ku Petauke, ndipo anapitako katatu chifukwa a Miti amakabweza. Ulendo wachitatu wosemayo anafunsa ngati kakukalowa mu mtima wa munthu.

Febian anaganiza kuti basi zatha. A Miti anadula kachidutswa ka paipi yatsopanoyo, n'kukaponya m'botolo.

"Milungu iwili."

"Alamu, milungu iwili muli nayo?"

"Ngati ndilibe, uwelenge ndiwe."

Febian sanalimepo tomato milungu imeneyo. M'mawa uliwonse amabwela, kuyang'ana botolo, kuyang'ana mlamu wake, osadziwa chomwe chiyambe kufewa.

Paipi inapilila. A Miti nawonso.

Tsikulo ndeke anaikokela pabwalo, n'kuimanga mchila ku mtengo wa bwemba ndi unyolo wa ngolo. Anthu anadzaza mpaka kumsewu, a njinga zamoto ali patsogolo. A Miti anawanyamulila pampando pafupi ndi injini. Febian anapukusa kamodzi, zii. Kachiwili, inayetsemula. Kachitatu inabangula, fumbi kobo, zitenje m'mwamba, mbuzi za m'mudzi kuthawila kumtsinje, mdala wina kugwada n'kuyamba kulapa.

Febian anayang'ana nkhope ya a Miti kuti aone chimwemwe. Koma a Miti sanali kumvela injini n'komwe. Anali atapisa dzanja pansi pa kachitsulo kaja, maso ali otseka. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa dzanja, kulinunkhiza, n'kumuonetsa Febian chikhatho. Chouma.

"Zimitsa."

Phokoso litatha, wina kumbuyo anafunsa ngati siuluka.

"Ndani wanena zouluka?" anatelo a Miti. "Mawa tiyamba mapaipi a oilo."

Mapaipi a oilo sanawayambe. Anamwalila mvula yoyamba isanagwe.

Ndeke ikadalipo. Ogula zitsulo zakale abwela kawili, amai Dainess anawapatsa madzi akumwa n'kuwapelekeza. Febian amabwelabe Loweluka, amakhala pakhonde ndi mlongo wake, nkhani zimatha msanga chifukwa amagwilizana pa chilichonse. Ife enafe mapampu athu akudontha, njinga zamoto zikununkha petulo, timadutsa pachipata paja pang'onopang'ono, mwina mpaka kuliza belu. Palibe wotuluka kudzatinyoza.